Mfuti Yaing'ono ya Apongozi

Bambo Dixon, namwino wa pachipatala china ku Indianapolis, anali pafupi kupuma pantchito, ndipo analumbira kuti sabwerera kwawo ku Ntchisi asanaphe eliki, chinyama cha maonekedwe a mbawala koma msinkhu wa ntchefu. M'tchire la Indiana mulibe nyamayi, ndiye anagula chilolezo cha ku mapiri a Colorado. Mkamwini wawo Tuntufye anapempha tchuthi ku South Bend kuti awaperekeze. Lucious, mnzake wa Tuntufye wa kutchalitchi, anabwera ndi pikapu komanso pakamwa pake posatseka.

Vuto linali mfuti. Ya bambo Dixon inali .243, yabwino ndithu kwa agwape a m'minda ya chimanga ya Indiana. Koma Tuntufye anali atafunsa alenje, ndipo onse anamuuza chimodzimodzi: kachipolopolo kopepuka ngati kameneko kakagunda fupa la phewa la eliki kamathera pomwepo, sikafika kumapapo. Pamafunika mfuti ngati .30-06, ndipo iye anali nayo.

Nanga apongozi amawauza bwanji kuti mfuti yawo njachibwana? Paja amati mkamwini asamakule mwendo. Anatuma mkazi wake Theresa kuti anene pafoni, bambo ake nkungoseka, ati mwana wa muofesi wadziwa liti za uzimba. Anayesanso yekha mozungulira, tsiku lomwe ankagula nyemba ndi mtedza wa paulendo m'sitolo za mu Lafayette Road. Anati mfuti yake ilipo ngati angafune kuiyesako. Iwo anati chimfuti chimenecho chimaponda ngati bulu, phewa lawo ndi lokalamba, ndipo yawoyo sinawachititsepo manyazi.

"Zoona, bambo," anatero Tuntufye. Mawu awiri okhawo, koma anadzamuwawa moyo wake wonse.

Anadraiva mosinthana kudutsa chigwa cha Kansas, chosalala ngati bwalo la mpira, mpaka mapiri anatulukira kutsogolo ali mbuu ndi chipale chofewa. Pikapu anaisiya pomwe msewu unathera, nkukwera wapansi ndi hema ndi zikwama. Mpweya wa kumeneko ndi woumira, munthu umapuma koma osakhuta. Ngakhale Lucious anatseka pakamwa, zomwe ku South Bend palibe anaziwonapo.

Eliki anamuona m'mawa, tsidya lina la chigwembe. Chinali chimphongo, khosi bii, nthunzi ikutuluka m'mphuno. Bambo Dixon anagwada nkutsamiritsa mfuti pachikwama. Mtunda unali wautali, Tuntufye ankauona bwino. Mfuti yake inali kumsana. Kuwombera yekha sakanatha, poti chilolezo chinali cha apongozi, koma kuivula nkuwapatsa, kapena kungonong'oneza kuti tiyandikire kaye, zimenezo zinali m'manja mwake. Anatsegula pakamwa, nkuona imvi za m'khosi mwawo, nkutsekanso.

Mfuti inalira. Chimphongo chinadzandira, chinagwada, kenako chinadzuka nkulowa m'mitengo ndi miyendo itatu.

Atawoloka chigwembecho anapeza timadontho ta magazi ndi kachidutswa ka fupa. Bambo Dixon anakatola, nkukayang'ana nthawi yaitali. Munthu wa kuchipatala sasowa womuuza fupa la phewa. Apo nkuti kumwamba kutada ndipo chipale chitayamba kugwa. Nkhani tsopano inali imodzi: apeze nyamayo aitsirize magazi asanakwiririke, apo ayi ikafera kutali mwapang'onopang'ono.

Anatsata tsiku lonse. Buledi anauma gwaa, madzi anaundana m'mabotolo, anangodalira mtedza. Pena magazi ankasowa, Tuntufye nkumakwawa ndi maondo, kupalasa chipale ndi manja mpaka aone kofiira. Madzulo anapeza mapazi a chimbalangondo akudutsa mkukuluzi womwewo. Lucious anati abwerere, iye sanasiye ana ku South Bend kuti adzadyedwe chifukwa cha nyama ya eni.

"Bwererani, pikapu ndi yanu," anatero bambo Dixon. "Ine ndavulaza. Sindichoka."

Palibe anabwerera. Anakhoma hema pansi pa thanthwe, mphepo ikufuna kulizula, ndipo kutacha anapeza mkukuluzi wonse utafufutika. Anangotsika kulondola mtsinje, poganiza kuti nyama yovulala imafuna madzi.

Makhwangwala ndi amene anawalozera. Chimphongo chija chinali gone m'zitsamba m'mbali mwa madzi, chikadapuma. Phewa linali litatupa. Ankhandwe a kumeneko anali atayamba kale kudya ntchafu, mwiniwake ali moyo, ndipo anathawa monyinyirika ataona anthu. Chinadzutsa mutu nkuwayang'ana. Lucious anatembenuka nkusanza. Tuntufye anamva chisoni chomwe sanachimvepo ngakhale pamaliro, chifukwa pamaliro munthu sukhala ndiwe wachititsa.

Bambo Dixon anaika mfuti yawo pansi nkutambasulira dzanja kwa Tuntufye. Tuntufye anavula yake nkupereka ndi manja awiri. Chipolopolo chimodzi chinakwana.

Anaisenda nyamayo pomwepo. Mbali ina inali itawonongeka, yotsalayo anaisenza maulendo angapo mpaka kupikapu. Nyanga, zomwe bambo Dixon ankalota kukakhoma pakhoma ku Ntchisi, anazisiya pamtsinje pomwepo. Lucious atafunsa, anangoti sakufuna kumaziona.

Kansas yense anamudutsa osayatsa wailesi. Atayandikira Indiana, Lucious ali mtulo kumbuyo, bambo Dixon anafunsa maso ali pamsewu.

"Munkadziwa kuti siikwana?"

"Ndinkadziwa, bambo."

"Nanga bwanji simunanene?"

"Ndinu apongozi anga."

Bambo Dixon anapukusa mutu.

"Ana anga obadwira kuno amanditsutsa tsiku lililonse, m'Chingerezi, ndipo sindiwamvera," anatero. "Inu simunanditsutsepo. Mukanangoti bambo ayi, ndikanamva."

Kunyumba kwawo ku Beech Grove anapeza Theresa ndi amayi ake ataitana abale a kutchalitchi, makala ali ngwee pachowotchera, wina akuimba kale nthungululu. Onse ankafuna kumva mmene mkuluyo anagwetsera chinyama. Bambo Dixon anagawa nyamayo yonse, banja ndi banja, osadzisiyira ngakhale kachidutswa, nkulowa m'nyumba. Anthu anatembenukira kwa Tuntufye kuti afotokoze ndiye. Iye anaima pamenepo, mbale ili m'manja, ndipo kachiwiri paulendo umodzi mawu anamukanira kukhosi. Koma ulendo uno sichinali chifukwa cha ulemu.