Nyali Inaima pa 55

Anakumana pa siteshoni ya tramu, kasitima kamagetsi ka m'tauni, ku Sporting. Linali Lachinayi masana, mphepo ikuchokera kunyanja. Nermeen anali atanyamula nyali yakale ya pathanki yake ya nsomba, yaitali, yadzimbiri. Tramu itatulukira, anatembenuka mofulumira. Nyali ija inamenya munthu paphewa. Pha!

"Mayo! Achemwali, ndakulakwirani chiyani?"

"Pepani achimwene, sindinakuoneni."

"Simunandione? Kutalika konseku?" Mnyamatayo anaseka uku akusisita phewa. Kenako maso ake anagwera pa nyali ija. "Machubu awa adatha kalekale. Taonani mmene adera kumapetoku. Mumaweta makorali?"

Nermeen anangoti kukamwa yasa. Mu Alexandria monsemu, ndi angati angaone chitsulo chadzimbiri n'kudziwa zimenezo?

Tramu inapita. Sanakwere. Yachiwiri nayonso inawasiya akucheza.

Dzina lake anali Wael. Ntchito yake inali yoika magetsi a LED pa mathanki a madzi amchere. Lero ku Smouha, mawa ku Agami, mkuja ali pa basi ya ku Hurghada. Munthu wosakhazikika. Nermeen ankagwira ntchito mu famase ku Ibrahimiya. Ankakhala awiriwiri ndi bambo ake, Bambo Fikri, m'nyumba yosanja, pansanjika yachitatu kuchokera pansi. Pabalaza panali thanki yagalasi. Munali tinsomba tiwiri ndi makorali, zamoyo za pansi pa nyanja zooneka ngati timitengo ta mwala. Pakati penipeni panali korali mmodzi wanthambinthambi, wobiriwira, nsonga zake za pepo. Ameneyo ndiye anali mtima wake. Anali atamulera zaka zinayi.

Loweruka Wael anabwera ndi nyali zitatu. Bambo Fikri anakhala pampando wawo, nyuzipepala ili m'manja, koma maso ali pamwamba pa nyuzipepalayo.

"Ndikufuna iyo," anatero Nermeen. "Yowala kwambiriyo."

"Yoyerayo? Imeneyo kaikeni m'khitchini muzisendera anyezi. Korali si mwala, achemwali. Ndi chamoyo, chakudya chake ndi kuwala. Ndipo amakonda kwa buluu. Koyerako n'kongosangalatsa maso athu."

Wael anasankha yokhala ndi mbali ziwiri, ya buluu ndi yoyera, iliyonse yotheka kukweza kapena kutsitsa. Anakwera pampando, naipachika masentimita 25 pamwamba pa madzi. Atayatsa, balaza lonse linasanduka buluu.

"Iwe mnyamata," anatero Bambo Fikri, "nyumba yanga waisandutsa galimoto ya apolisi?"

"Muzolowera, bambo."

"Tiyi wanga akuoneka ngati inki."

Wael anatembenukira kwa Nermeen. "Tiyambira pa 30 peresenti ya mphamvu yake. Mukaiyatsa yonse lero, sabata yamawa mupeza makorali atayera mbee ngati choko. Kuyera kumeneko ndi imfa. Pakatha masabata awiri tiziwonjezera 5. Pang'onopang'ono, mpaka 70. Apo ndiye pokwanira."

"Mpaka 70? Miyezi inayi imeneyo!"

"Ndadziwa ndithu. Munthu womenya anzake ndi nyali pa siteshoni sangadikire. Ndiilumikiza ku foni yanga, ndizikweza ndine."

Nermeen anavomera. Akanakana bwanji, munthu akumwetulira choncho?

Mauthenga a Wael anayamba mawa lake m'mawa.

"Makorali agona bwanji? Nanga mwini wake?"

Nyali itafika pa 35, Wael anasiya kunena kuti achemwali. Pa 40 anali atadya limodzi chimanga chootcha pa Corniche, msewu wa m'mbali mwa nyanja, mafunde akuwanyowetsa nsapato. M'mawa uliwonse nyali inkayamba kuwala pang'onopang'ono ngati kukucha, foni n'kulira nthawi yomweyo.

"Ndakutulutsira dzuwa, duwa langa. Dzuka."

"Ndili ku Hurghada, nyanja yonse ili pamaso panga, koma ndikuganiza kathanki kamodzi ka ku Ibrahimiya."

Pa 45 anakhala pa benchi ku Bahary, maboti akugundana kutsogolo kwawo. Wael anamuyang'ana m'maso.

"Tamvera, wapamtima wanga. Tsiku limene nyali ija idzafike pa 70, ndidzabwera ndi bambo anga kudzaonekera kwanu. Tidzawerenga Fatiha, pemphero la chitomero, pabalaza pomwe paja, patsogolo pa korali wako. Iyeyo ndiye adzakhale mboni."

"Ukunena zoona?"

"Ndikanama, maso angawa achite khungu."

Nermeen anathamanga masitepe onse a kwawo osapuma. Anauza bambo ake. Iwo anapinda nyuzipepala. Kuyambira tsiku limenelo, Lachinayi lililonse ankafunsa funso limodzi: "Tafika pa zingati?"

Pa 50. Kenako pa 55. Korali anaphuka tinthambi tatsopano. Nsonga za pepo zija zinkanyezimira. Anangotsala makwerero atatu!

Lachinayi loti afike pa 60, uthenga unabwera.

"Duwa langa, ndaona chithunzi wanditumizira chija. Korali wako akuoneka wotopa. Tidikire kaye."

Nermeen anasuzumira m'thanki. Wotopa pati? Analemba kuti, "Ali bwinobwino. Kweza."

"Wodziwa ntchitoyi ndani, iwe kapena ine? Ndikhulupirire."

Anakhulupirira. Patapita sabata, anaona kuti Wael sananame. Kubiriwira kuja kunayamba kuzilala. Masabata awiri ena, korali anasanduka mtundu wa khofi. Pepo uja anatha.

"Waona? Ndikanakumvera bwenzi titamupha. Kuwala kukumuchulukira. Tikhale pa 55 pomwepa mpaka achire."

"Ndiye bwera udzamuone ndi maso."

"Ndili ku Marsa Matruh, moyo wanga. Lolemba."

Lolemba anali ku Cairo. Lachitatu foni inali yozimitsa. Lachisanu anatumiza chithunzi cha maluwa.

Nermeen anasintha madzi. Anayeza mchere. Anatsuka pampu, nayezanso. Zonse zinali bwino. Nanga chikumudya korali n'chiyani? Ku famase anapatsa mayi wina mankhwala a chifuwa m'malo mwa a m'mimba. Mwamwayi mayiyo anawerenga botolo asanatuluke. Abwana ake anamuyang'ana ndi diso loipa tsiku lonse.

"Tafika pa zingati?" anafunsa Bambo Fikri.

"Pa 55."

"Mwezi watha unati 55."

"Ndiye ndinene zingati, bambo? Ndipeke?"

Anali asanawayankhepo choncho chibadwire. Bambowo anangotsegula tsamba lina.

"Komatu ine ndikuyamika," anatero patapita nthawi. "Masiku ano m'nyumba muno mwawala. Ndikutha kuwerenga popanda kupita pazenera."

Masabata asanu ndi awiri anatha. Tsinde la korali linayamba kuyera, mnofu ukusupuka kuchokera pansi. Nermeen anakwera tramu kupita ku Camp Shezar, kwa Mayi Afaf. Iwowa anaphunzitsa za m'nyanja zaka zambiri asanapume pantchito, ndipo ndi amene anamupatsa korali uja ali kanthambi. Anabwera madzulo a tsiku lomwelo, akutukwana masitepe, m'chikwama muli kachipangizo koyezera kuwala.

"Mwana iwe, wamuchita chiyani mwana wangayu?"

"Akuti kuwala kukumuchulukira, mayi."

"Akuti ndani?"

"Amene anaika nyaliyi."

"Ndi wokongola?"

Nermeen anayang'ana pansi. Bambo Fikri anatsokomola.

"Ndadziwa," anatero Mayi Afaf. "Korali wochulukiridwa kuwala amayezuka kuyambira kunsonga. Uyu wada, ndipo akufa kuyambira pansi. Iyi ndi njala. Pinda malaya, ugwire ichi pafupi ndi nthambi yapamwambayo."

Nermeen anamiza dzanja m'madzi. Mayi Afaf anawerenga manambala, navula magalasi, nawapukuta, nawerenganso.

"Pamenepa pamafunika 250. Ndikuona 90."

"Mwina kachipangizo kanuko kafa."

"Kafa ndi kamutu kakoko. Takwera pampandopo. Pamwamba pa nyali pali kabatani. Dina, undiuze chimene chilembedwe."

Nermeen anali asanakwerepo. Akanakwereranji, Wael ali ndi zonse m'foni? Anadina. Kagalasi kakang'ono kanayaka.

"Buluu, 20. Yoyera, 60."

"Bwerezanso."

"Buluu, 20."

"Ndi mmisiri ndithu," anatero Mayi Afaf. "Watsitsa chakudya cha korali, n'kukweza choyera kuti maso anu aziona ngati mwawala. Izi sizichitika mwangozi. Munthuyu amafuna kuti korali adwale. Chifukwa chake ukuchidziwa ndiwe, ine sindifunsa."

Bambo Fikri anayang'ana nyuzipepala yawo, imene ankaiwerenga popanda kupita pazenera. Anaiika pansi.

Mawa lake Nermeen analemba uthenga: "Ukubwera ndi sitima iti?" Anakamudikira pa siteshoni ya sitima ya Sidi Gaber. Wael anatsika ndi chikwama cha zipangizo, manja atatambasula.

"Duwa langa! Wabwera kudzandichingamira?"

"Buluu 20. Yoyera 60."

Manja aja anagwa. Anthu ankawagunda mapewa, akuthamangira ma takisi.

"Wakwera pampando," anatero Wael.

"Ndakwera."

"Nyali zimenezi nthawi zina zimasokonekera zokha. Magetsi akathima..."

"Wael, maso ako akuonabe? Unalumbirira maso."

Wael anaika chikwama pansi. Sitima inalira, ninyamuka.

"Mayi anga," anatero kenako. "Pali mwana wamkazi wa amalume ku Damanhour. Ine sindinafune, Mulungu ndi mboni. Anandikakamiza kumutomera."

"Liti?"

"Fatiha tinawerenga sabata imene tinafika pa 55."

"Miyezi iwiri! Miyezi iwiri ukundilembera duwa langa, moyo wanga!"

"Chifukwa ndiwe moyo wanga! Ndimafuna nthawi, Nermeen. Ndimati ndiwanyengerera mayi, zinthu zisintha. Korali akanakhala bwino ukanati kweza, kweza. Tikanafika pa 70. Ndikanabwera ndi ndani kwanu? Ndikanati chiyani kwa bambo ako?"

"Ukanati sindibwera. Mawu amodzi okha."

"Sindikanatha kukuona ukulira."

"Ndiye unasankha kuti ndizilira osadziwa chondiliza? Ndasintha madzi kasanu, Wael. Ndimadziimba mlandu ndekha. Ndinakalipira bambo anga chifukwa cha iwe!"

"Korali ndikupezera wina. Wamkulu kuposa uja. Ku Hurghada ndili ndi mnzanga..."

Nermeen anamuyang'anitsitsa. Munthu yemwe uja wa pa siteshoni ya tramu, tsitsi lomwe lija, kumwetulira komwe kuja kukufuna kutuluka. Wina wamkulu kuposa uja? Ndiye kuti miyezi yonseyi sanamve kanthu?

"Pita ku Damanhour," anatero. Anatembenuka.

"Duwa langa, taima!"

Sanaime. M'minibasi analira, nkhope atalozetsa pazenera. Mayi wina amene anakhala naye pafupi anamupatsa kansalu, osafunsa.

Atafika kunyumba anakweranso pampando. Anazula pini pa mpango wake, nabaya kabowo kamene Mayi Afaf anamusonyeza. Nyali inathima. Itayakanso inali itaiwala foni ya Wael. Anailumikiza ku yake. Mtima unkati kankha mpaka kumapeto, korali adye akhute lero lomwe. Koma wanjala chonchi akanapsa. Anaika buluu pa 25, yoyera anaitsitsa. Balaza linada.

Kwa tsinde loyera lija kunalibe chochita. Mayi Afaf anali atanena mosabisa: chofa sichibwerera, ndipo chikasiyidwa chimakwera mpaka kunsonga. Mankhwala ake ndi kudula.

"Bambo, tandithandizani."

Bambo Fikri anabwera ndi mbale yagalasi. Nermeen anatungamo madzi a m'thanki, nawapatsa kuti agwire. Anatulutsa korali. Kunja kwa madzi ankaoneka wamng'ono, akununkha nyanja. Anatenga pulayala. Anafunafuna pamene pathera choyera, nakwera pang'ono, pa mnofu wamoyo.

Khe! Nthambi yoyamba inagwera m'mbale.

Foni inanjenjemera patebulo. Inasiya. Inayambanso.

Khe! Yachiwiri. Misozi inkamutchinga, anaipukuta ndi phewa. Pa nthambi zonse zija, zamoyo zinapezeka zinayi.

Bambo Fikri anasuzumira pafoni. "Ndi iyeyo. Akuti nyali yasowa pafoni pake, akufunsa ngati uli bwino." Anatembenukira kwa Nermeen. "Ndimuyankhe ine? Mawu ndili nawo, mwana wanga. Ndawasunga kuyambira dzulo."

Nermeen anaika pulayala pa nthambi yachitatu.

"Musiyeni, bambo. Gwirani mbale ndi manja awiri, madzi akutayika."