Matope ku Mapazi a Obadiya

Nkhaniyi anandiuza ndi mayi Estere, ndipo ndiinena monga anaikambira. Inachitika pa komboni ya mgodi wina wa golide kufupi ndi Que Que, nkhondo yachiwiri ya dziko lonse isanayambe.

Mwamuna wawo, Obadiya, mutu unamusokonekera mgodi utagumukira anzake. Ankati akufawo amamulankhula, ndipo tsiku lina anamenya kapitawo ndi fosholo. Woweruza sanatchule miyezi kapena zaka. Anangoti akasungidwe kunyumba ya amisala ku Bulawayo mpaka Bwanamkubwa atafuna. Podikira apolisi odzamutenga, anamutsekera m'kachipinda kogundana ndi nyumba ya mitembo, kuseri kwa chipatala. Mlonda wake anali Sixpence, yemwenso ankamenya chitsulo cha njanji usiku kudziwitsa nthawi.

Wopereka chakudya ndiye anayamba kuona chachilendo. M'mawa mapazi a Obadiya ankapezeka ndi matope, loko ali chitsekere.

Kenako mayi Estere anamva nkhwangwa kuseri kwa nyumba, mumdima woti sungaone dzanja lako, ikugwa pang'onopang'ono ngati wowazayo akuopa kudzutsa ana. Kutacha anapeza nkhuni zili mulu. Usiku wotsatira anamva kunong'ona pachitseko: "Mayi a Dorah, mwanayo akutsokomolabe?" Iwo anafunda bulangete kumutu n'kuyamba Atate Wathu.

Mbiri inafala kuti Obadiya amatulukira pabowo la kiyi. Ena anati anaona jasi la mlonda likuyenda lokha, likupereka moni kumgodi unagumuka uja.

Akulu a mpingo anafunsa Sixpence. "Aikona!" anakana motero. "Ine ndimachezera pakhomo pake. Simumva chitsulo?" Zoonadi, chitsulo sichinkaphonya nthawi, zomwe kale sizinkachitika kawirikawiri.

Apolisi a ku Bulawayo anafika kusanache, opanda kudziwitsa. Atasowa mlonda anathyola loko. M'katimo anapezamo munthu akuliza mkonono, ndipo anamumanga poyesa kuti ndi wamisala uja.

"Aikona, bwana! Ine ndine mlonda!"

"Wamisala wa sabata yatha ankati ndi bishopu," anatero wapolisi. "Tiye."

Sixpence anaulula zonse akulira. Ankaopa mitembo kwambiri, choncho kukada ankaveka Obadiya jasi, kumupatsa kiyi, n'kumupempha kuti amutsekere. "Iyeyo saopa, ndi anzake amenewo!" Apolisi anangogwedeza mitu, ati misala yotere sanaionepo.

Obadiya anatulukira atavala jasi, kiyi ali m'manja, anthu atadzaza kale. Mayi Estere anamugwira mkono. "Bambo a Dorah, khalani chete," ananong'ona. Komboni yonse inayang'ana pansi. Panalibe amene akanaulula.

Obadiya anayang'ana Sixpence kanthawi. "Musiyeni uyu," anatero. "Kumeneko akafa ndi mantha. Wamisala ndine."

Anavula jasi n'kulipinda bwinobwino.

"Abwera liti?" mayi Estere anafunsa wapolisi.

"Bwanamkubwa akadzafuna, mayi."

"Nanga Bwanamkubwayo amawadziwa?"

Wapolisi anamanga Obadiya n'kupita naye. Ambuye akhale nawo onse osungidwa popanda tsiku lotuluka.

Mabwana anam'bwezera Sixpence ntchito, poti panalibe wina woifuna, ndipo iye ndiye ankawaza nkhuni za mayi Estere, masana. Usiku chitsulo chinapitiriza kulira pa nthawi yake. Mayi Estere atamuyamika kuti walimba mtima, iye anatuwa.

"Alamu," ananong'ona, "ine ndimagonabe m'kachipinda muja. Ndimayesa mukumenya ndinu."