Mtambo wa pa Chithunzi Chomaliza

Lachiwiri, mphindi khumi itadutsa 9 koloko m'mawa, Wofufuza analowa m'chipinda chojambuliramo zithunzi cha a Wamapiri. Dzinali analipata chifukwa kwa zaka makumi anayi ankajambula phiri limodzi lomwelo, anthu osatopa nalo. Tsopano anali gone chafufumimba, bala lili kunkhongo. Pambali pawo panali mwala umene anatola paphiri lomwelo kuti uzitchinga chitseko.

"Phiri labwezera," anatero Sajeni, mayi wokhalitsa pantchito amene sankaseka ngakhale nthabwala zake zomwe.

Dokotala anati imfayo inachitika pakati pa 7 ndi 8 koloko. Wofufuza anazungulira chipindacho. Maburashi anali mbwee patebulo, ouma gwa ndi penti. Imodzi yokha inali yotsukidwa bwino, itaimikidwa m'botolo ubweya kumwamba, ikadali yonyowa. Pafupi ndi zenera panaima chithunzi chomaliza, chimene malemuwo ankakonzera chionetsero cha Loweruka: phiri, mitengo, ndi mtambo wamvula wooneka weniweni moti munthu akanafunsa ambulera.

Hafu pasiti 10, kupolisi, anayamba ndi mkazi wa malemu.

"Aneba akuti Lamlungu munanena kuti mudzawapha," anatero Wofufuza.

"Ndakhala ndikunena zimenezo Lamlungu lililonse chilowereni m'banja, bwana. Ndikanakhala wochita, bwenzi pamanda patamera mtengo."

"Nanga penti ili kuzala zanuyo?"

"Kwathu ngakhale mphaka ali ndi penti."

Mayiwo anati anali kumsika, koma panalibe wowaikira umboni. Sajeni ananong'oneza Wofufuza kuti ikakwana 4 koloko popanda wina, mayiwo alowa m'chitolokosi, maliro a amuna awo akawamvera kumeneko.

"Amuna anu munawaona liti komaliza?" anafunsanso Wofufuza.

"Hafu pasiti 6, powapatsa tiyi. Ndinawapeza akutukwana mtambo."

"Unawalakwira chiyani?"

"Unkaoneka ngati nkhosa yowombedwa ndi galimoto. Bambo aja mapiri ankawatha, koma kumwamba kunawakana."

Wofufuza anawaonetsa chithunzicho pafoni. Mayiwo anachiyang'ana nthawi yaitali, nkhope yawo n'kugwa.

"Nkhosa ija yapita kuti?" anafunsa chapansipansi.

"Maburashi ankatsuka ndani?" anafunsa Wofufuza.

"Achimwene anga. Zaka makumi awiri ndi zisanu. Anawachotsa ntchito mwezi watha."

Pa 2 koloko mlamu wa malemuyo anakhala pampando womwewo. Anali munthu woonda, waudongo, zikhadabo zoyera ngati za namwino.

"Sindinapondemo m'chipinda muja kwa mwezi wathunthu," anatero. "Ine ndine wotsuka maburashi chabe. Mmawa wonse ndinali kwanga."

"Sindikukukayikirani, bambo," anatero Wofufuza. Anakodola Sajeni, amene anabweretsa chithunzi chija n'kuchitsamiritsa kukhoma. "Ndikungofuna thandizo. Okonza chionetsero apempha mawu oti alembe pansi pa ntchito yomalizayi, ndipo ine za zithunzi ndine mbuli. Ndalemba chonchi: 'Pano malemu aonetsa kuti pa mitambo analibe wofanana nawo.'"

Mlamuyo anayang'ana chithunzicho. "Lembani za phiri."

"Phiri n'lodziwika kale. Koma taonani mtambowu. Atachotsa wantchito amene ankangowasokoneza, dzanja lawo linamasuka."

"Ankangowasokoneza," anabwereza mlamuyo, maso ali patebulo.

"Akatswiri atatu agwirizana kale," Sajeni ananama mosaphethira. "Akuti mitambo yakale ija inali yapakatikati. Uwu ndiwo wa mwini wake."

Mlamuyo anaimirira pang'onopang'ono, n'kuloza chithunzicho ndi chala.

"Akatswiri anuwo ndi akhungu. Dzanja ndi limodzi. Mtambo uliwonse umene munthu uja anatchuka nawo ndinajambula ndine. Iye amathera pansonga ya phiri, kumwamba konse n'kundisiyira. Zaka zonsezi dzina langa silinalembedwepo ngakhale kuseri kwa nsalu."

"Ndipo uwu?"

"Uwunso ndi wanga. Imvi yapansi pakeyo iye akanaisakaniza? Munthu wosadziwa kusiyanitsa mtambo ndi chiweto?"

"Hafu pasiti 6 panali nkhosa," anatero Wofufuza. "Munaujambula nthawi yanji?"

Mlamuyo anakhalanso pansi, n'kukonza kolala ya malaya ake.

"Ndinapita 7 koloko kukapempha chinthu chimodzi: kuti pachionetsero atchule dzina langa. Anandiseka. Anati, 'Alamu, mitambo n'kamphepo chabe, taonani ndaitha ndekha.' Atatembenuka, mwala unali pafupi." Anapumira m'mwamba. "Ndinafika mpaka pakhomo, bwana. Ndikanapita. Koma ndinacheuka, n'kuiona nkhosa ija. Anthu akanati ndi mmene mitambo yathu yathera."

"Ndiye munakhala kujambula, mtembo uli kumapazi?"

"Mphindi makumi anayi zokha."

"N'kutsukanso burashi."

"Burashi siisiyidwa ndi penti," anayankha mlamuyo mwaukali, ngati wafunsidwa zachibwana.

Itatsala pang'ono 3 koloko, mayi aja anamasulidwa. Anadutsa achimwene awo pakhonde osawayang'ana. Sajeni anaika chikalata cha chivomerezo patebulo. Mlamuyo anachiwerenga mosamala, mzere ndi mzere, kenaka anagwira cholembera.

"Pamene pali mawu oti 'ntchito' mwalembapo 'wotsuka maburashi'," anatero. "Fafanizani. Lembani kuti 'wojambula'. Apo ayi, sindisaina."