Yorleni ndi Madzi a Buluu

Yorleni ankakhala pa phiri, mumzinda wa Medellín. Kumunsi kwa nyumba yawo kunali kamtsinje. M'kamtsinjemo munali tinsomba. Yorleni ankafuna tinsombato tikule.

Loweruka lina m'mawa, Yorleni anatsikira kumtsinje. Anaima chilili. Madzi anali a buluu! Buluu ngati inki. Kansomba kamodzi kankayandama chagada. Tinzake tinali kakasi, kukamwa yasa.

Yorleni anathamangira kunyumba.

"Amayi! Amayi! Mtsinje wadwala!"

Amayi ake, a Nubia, ankagwira ntchito yokonza mapaipi a pansi pa msewu.

"Wadwala bwanji?" anafunsa amayi.

"Wasanduka buluu. Buluuyo akutuluka m'paipi yaikulu, pansi pa mlatho."

"Tamvera, mwanangu," anatero amayi. "Pansi pa msewu wathu pali mapaipi awiri. Paipi imodzi imatenga madzi a m'chimbudzi ndi a m'bafa. Amenewo amapita kokayeretsedwa. Paipi inayo imatenga madzi a mvula. Amenewo amangolunjika kumtsinje."

"Ndiye buluuyo walowera pati?"

"Sindikudziwa. Koma madzi sakwera phiri. Amatsika."

Yorleni anaganiza pang'ono.

"Ndiye ife tikwere!" anatero.

"Tiye. Iwe patsogolo."

M'mbali mwa msewu munali zibowo zolowera madzi a mvula. Yorleni anagwada pa chibowo choyamba. Anasuzumira. Buluu!

Anakwera masitepe. Anafika pa sitolo ya buledi. Anasuzumira. Buluu!

Anakweranso. Anafika pa bwalo la mpira. Anasuzumira. Buluu!

Masitepe anali ambirimbiri. Miyendo inayamba kuwawa. Yorleni anali wefuwefu. Koma sanaime.

Anafika pa chibowo chachinayi. Anasuzumira. Madzi anali oyera mbee.

"Amayi, tapitirira! Apa palibe buluu. Tibwerere pang'ono."

Anabwerera. Anapeza kanjira kokhota. M'kanjiramo munali a Evaristo, mmisiri wopaka nyumba penti. Ankatsuka ndowa zawo uku akuimba mluzu. Kenako, khuthu! Anathira madzi a buluu m'chibowo.

Yorleni anatembenuka. Anayang'ana amayi. Amayi anangogwedeza mutu momulimbikitsa.

"A Evaristo, pepani," anatero Yorleni. "Penti wanu akupha nsomba."

A Evaristo anaseka chikhakhali.

"Nsomba? Pa phiri pano? Iwe mwana, nsomba zinayamba liti kukwera masitepe?"

"Nsomba sizikwera. Penti ndi amene akutsika."

"Aaa, iwe! Chibowochi chimameza chilichonse. Chikameza, basi, zathera pomwepo."

Pafupi panali mtengo wa mandimu. Yorleni anatola ndimu imodzi. Anailemba Y ndi chikhadabo. Anaiponya m'chibowo. Amayi anathiramo ndowa zitatu za madzi oyera.

"Tiyeni kumlatho!" anakuwa Yorleni.

Yorleni anathamanga. Amayi anathamanga. A Evaristo nawonso anathamanga, atagwira chipewa chawo. Anapitirira bwalo la mpira. Anapitirira sitolo ya buledi. Anafika pa mlatho.

Anayang'ana paipi yaikulu ija. Anadikira. Kunalibe kanthu. Anadikiranso. Kunalibe kanthu.

"Waona?" anatero a Evaristo. "Wandithamangitsa pachabe, mwana iwe."

Yorleni anapitiriza kudikira. Maso ake anali pa paipi.

Mwadzidzidzi, thibu! Kanthu kobiriwira kanagwera mumtsinje.

"Iyo! Iyo! Ndimu yanga!"

Amayi anaivuula ndi ndodo. Y uja anali pomwepo.

A Evaristo anayang'ana ndimuyo. Anayang'ana madzi a buluu. Anayang'ana kansomba kakufa kaja. Anavula chipewa.

"Mayo ine," anatero. "Zaka zonsezi sindinkadziwa. Pepa, Yorleni. Sindidzathiramonso."

Ananena zoona. Anayamba kuthira madzi a penti mumgolo. Mgolo ukadzaza, anthu ogwira ntchito ndi amayi a Yorleni ankautenga. Ankapita nawo kumalo oyenera.

Mvula inagwa. Inagwanso. Buluu anachepa. Buluu anatha. Madzi anayera, ndipo tinsomba tinayambanso kusambira mothamanga.

A Evaristo anabwera ndi burashi yaing'ono. Iwo ndi Yorleni anajambula nsomba pafupi ndi chibowo chilichonse. Analembapo mawu akuti, "Mtsinje umayambira pano."

Anthu ankaima n'kuwerenga. Ana a sukulu nawonso ankawerenga mokweza.

Atamaliza, Yorleni anapita kunyumba. Amayi anali atawotcha arepa, timikate ta chimanga. Anampatsa tiwiri totentha. Kenako anamuveka chipewa chawo cholimba cha kuntchito.

Chipewacho chinali chachikulu. Chinatsika mpaka pamphuno.

"Amayi, sindikuona!"

"Osadandaula, bwana," anatero amayi akuseka. "Chidzakukwana."

Yorleni anaseka. Anadya arepa wake, chipewa chili kumutu.