Towela Anasankha Juni

Towela anayang'ana chithunzi chija kachiwiri. Anali pa siteji ya minibasi ku Silverest, kunja kwa Lusaka, pamodzi ndi anzake a giredi 9, ataweruka tsiku loyamba la teremu yachiwiri. Judith, amene ankakhala naye desiki imodzi, anali atatulutsa foni m'chikwama kuti aonetse anzake mmene anadyera Isitala ku paki ya masewera ya kumsewu wa ku Kafue.

"Iyi ndiye sitima yamene imazondoka m'mwamba," anatero Judith akukulitsa chithunzicho ndi zala. "Ninakuwa mpaka mawu anasila!"

Atsikana anaseka, akulimbirana kuona. Koma Towela sankayang'ana sitimayo. Kumbuyo kwa Judith, pafupi ndi pogulitsira ayisikilimu, panaima bambo wamtali wovala shati ya mizeremizere. Paphewa anali atanyamula kamtsikana, dzanja lina atagwira mwana wina wokulirapo. Pambali pake panali mayi akuseka, chipewa cha ku paki chili kumutu.

Judith anatsatira maso a mnzakeyo. "Iwe Towela, aba si batate bako? Bamene banabwela kusukulu chaka chatha?"

Onse anatembenukira kwa Towela.

"Ayi," anayankha. "Siniwadziwa."

Sanadikirenso minibasi. Ananyamula chikwama chake n'kuyamba wapansi, kudutsa m'mapuloti a nyumba zosatha kumanga, fumbi likumukwera m'masokosi.

Bambo wa pachithunziyo anali bambo ake enieni, a Ezron. Anachoka pakhomo Towela ali giredi 5, n'kukakhala ku Lusaka kumene ankayendetsa lole ya simenti. Kumeneko anakwatira mayi wina dzina lake Lister, amene anali kale ndi ana awiri. Towela anatsala ndi mayi ake, a Nelesi, m'zipinda ziwiri za nyumba ya eni ake imene ankailondera podikira kuti imalizidwe. A Nelesi ankapikula mkaka ku Palabana n'kumagulitsa m'makomo.

Nkhani ya paki inayamba mu Januwale, tsiku limene a Ezron anabweretsa nsapato za kusukulu. Towela anawauza kuti anzake onse amangokamba za pakiyo: sitima yozondoka, chiwilo chachikulu chokweza anthu mpaka kuona mtsinje wa Kafue, ndi tinyumba togona alendo.

"Kuja ni kodula, mwana wanga," anatero a Ezron akukanda m'mutu. "Koma iwe ndiwe wa masamu. Peza nthawi yamene ni kotchipa. Ukaipeza tizayenda tili awiri chabe, ine na iwe. Tizagona komweko."

Mawu akuti "tili awiri" ndi amene Towela anawasunga. Chichokereni bambo ake, sanakhalepo nawo tsiku lathunthu. Ankabwera ali pachangu, injini ya galimoto osaizimitsa.

Choncho anaigwira ntchitoyo ngati mayeso. Ankabwereka foni ya mayi ake n'kumawerenga tsamba la pakiyo. Kawiri konse anaimba n'kulankhula ndi mayi wa ku ofesi, amene anafika pomuzindikira mawu. Disembala anauchotsa msanga, pamodzi ndi Isitala ndi holide ya Ogasiti, chifukwa ndi pamene mitengo imakwera kwambiri ndipo anthu amaima pamzere mpaka miyendo kutupa. Febuluwale anali wotchipa, koma mayi uja anamuchenjeza kuti kukachita ziphaliwali makina onse amazimitsidwa. Kunatsala Juni. M'nyengo yozizirayo anthu amathawa mphepo, ndipo mtengo wolowera ndi wa tinyumba tomwe umatsika ndi theka. Panalinso china: mwana wosakwana zaka khumi ndi zisanu amalipira zochepa, ndipo Towela ankakwanitsa zakazo kumayambiriro kwa Julayi.

"Loweruka lachiwiri la Juni, atate," anawauza pafoni mwachimwemwe. "Tikachedwa nizakula."

A Ezron anaseka kwambiri. "Wagwira ntchito, mwana wanga. Juni ni yathu."

Isitala itayandikira, Towela anawapempha kuti akawachezere ku Lusaka ngakhale tsiku limodzi. Iwo anati sizitheka, abwana awatuma kukasiya simenti ku Ndola. Towela anawamvera chisoni, mpaka anawapempherera kuti ayende bwino pamsewu.

Tsopano anali atayiona Ndola yakeyo.

Atafika kunyumba anapeza mayi ake akutsuka zigubu za mkaka. Anafuna kungodutsa, koma a Nelesi anamuona maso.

"Wakumenya ndani?"

Towela anakhala pa njerwa n'kufotokoza zonse.

"Ine ninawerenga miyezi yonse, amayi," anatero kenako. "Ninasankha mphepo kuti iwo asavutike. Koma ana a ba Lister anawapereka ku paki pa Isitala, pamene ni podula kupambana ponse. Kwa aja ndalama inapezeka. Ine ndiye wofunira zotchipa."

A Nelesi anasiya chigubu. Anayang'ana madzi akulowa m'nthaka.

"Sinizakuuza kuti sizipweteka," anatero. "Koma nkhani iyi ni yako na atate ako. Usawatukwane. Komanso usaimeze, izakudwalitsa. Uwafunse maso na maso."

Towela sanawafunse. Kwa milungu isanu foni ikaitana n'kuona dzina la bambo ake, ankatuluka panja. Mauthenga ankabwera: "Juni yafika pafupi, konzeka." Ankawerenga n'kubweza foni. Kusukulu anasamuka desiki, n'kukakhala kumbuyo pafupi ndi zenera losweka. Judith anamufunsa chimene anamulakwira, koma zoona zake n'zakuti sanalakwe chilichonse. Kungoti Towela akamuona ankakumbukira zinthu ziwiri: bodza la bambo ake, ndi bodza lake lomwe. Masamu amene ankawakonda anayamba kumulaka, ndipo pa mayeso a pakati pa teremu analephera koyamba m'moyo wake.

Loweruka lachiwiri la Juni kunacha ndi mphepo yoluma. Towela anali akusesa pabwalo pamene galimoto yaing'ono yoyera inaima pageti. A Ezron anatuluka akumwetulira, m'manja muli pepala la pulasitiki.

"Mwana wanga! Foni sutenga, kaya ni mayeso? Ona, nakugulira juzi, kuja kumtsinje kuzizira. Chola chili kuti?"

Towela anagwada pang'ono powapatsa moni monga mwa masiku onse, koma juzi sanailandire.

"Sinilonge, atate."

"Chifukwa? Fulumira, tipeze mzere ukalibe kukula."

"Mu Juni kulibe mzere. Mzere umakhala pa Isitala." Anawayang'ana m'maso. "Imwe mudziwa bwino."

Kumwetulira kwa a Ezron kunazilala pang'onopang'ono. Anayang'ana kukhomo kumene a Nelesi anali ataima, koma mayiwo analowa m'nyumba n'kutseka chitseko.

"Wakuuza ndani?"

"Palibe. Ninakuonani pa foni ya mnzanga. Munanyamula mwana paphewa."

A Ezron anaika pepala lija pa njerwa. Anayamba kulankhula mofulumira. Anati ulendo uja sanaukonze ndi iwo, anaukonza ndi ba Lister. Anati ana aja anavuta kwambiri, ndipo m'nyumba mukanakhala nkhondo. Anati sanamuuze poopa kumukhumudwitsa. Towela anangogwira tsache, kuwasiya alankhule mpaka mawu anawathera okha.

"Chabwino, ninalakwa," anatero pomaliza. "Tiye lelo. Ukwere chilichonse chamene ufuna. Ngati ufuna, tizabwereranso mu Disembala, ngakhale kudule bwanji."

"Atate, muganiza nilira sitima?"

Towela sanadikire yankho.

"Munaniuza kuti muli ku Ndola. Ine ninagwada, ninakupemphererani kuti lole isagwe. Mukananiuza zoona, nikanalira tsiku limodzi chabe." Misozi inayamba kutsika, koma sanaipukute. "Munati tizayenda tili awiri, tikaone pamodzi. Manje imwe munaona kale vonse. Muzaniperekeza chabe, monga munthu wobweza mbale ya eni ake."

Mphepo inaulutsa zinyalala zimene anali atasesa, n'kuzimwazanso pabwalo. Panali chinthu china chimene chinkamulemera Towela kuposa zonse, ndipo anaona kuti akapanda kuchinena tsopano sadzachinenanso.

"Judith ananifunsa pamaso pa anzanga ngati muli atate anga. Ninakana. Ninati sinikudziwani."

A Ezron anakhala ngati wina wawaponda pachifuwa. Anabwerera m'mbuyo n'kukhala pa mulu wa njerwa, osasamala buluku lawo loyera. Anagwira kumaso ndi manja onse awiri. Towela anali asanawaonepo bambo ake ali chonchi, ndipo sanamve kukoma kumene ankaganiza kuti adzamva. Anangomva kutopa.

"Unakana ine," anatero a Ezron chapansipansi, osati mofunsa.

"Ee. Ndipo chinanipweteka."

Kenako a Ezron anaimirira, n'kupita kugalimoto. Towela anaganiza kuti akuchoka. Koma iwo anangozimitsa injini, n'kuzula makiyi n'kuwaika m'thumba.

"Ku paki sitiyenda," anatero. "Nimvera. Koma tsiku ili ninakupatsa iwe. Ngati sufuna kukamba na ine, nizankhala chabe. Uniuze ntchito yamene ilipo."

Towela anaika tsache pansi. Anatenga zigubu ziwiri kupita kumpopi wa kwa aneba, ndipo atatembenuka anaona bambo ake akumutsatira ndi zigubu zina ziwiri. Anatunga maulendo anayi osalankhulana. Masana a Nelesi anatulutsa tiyi ndi mbatata, n'kuika pa sitepe. A Ezron anapempha kuona makope a kusukulu. Atafika pa pepala la masamu lija, analiyang'ana nthawi yaitali, kenako anayang'ana deti lake, n'kulibweza m'kope mosamala. Sanamukalipire. Foni yawo inaitana katatu. Kachitatu anaiyankha pomwepo, Towela akumva.

"Nili ku Silverest, kwa mwana wanga," anatero. "Nizabwera m'madzulo."

Dzuwa litapendeka anaimirira kuti azipita. Buluku lija linali litasanduka lofiira ndi fumbi. Pageti anatembenuka.

"Loweruka likubwerali niza…" Anadukiza okha, n'kupukusa mutu. "Iyayi. Sinizakulonjeza. Mawu anga alibe mtengo kwa iwe manje, ndipo ni ine ninawatchipitsa."

Towela anawayang'ana mpaka galimoto inakhota. Juzi ija anaisiya pa njerwa. A Nelesi ndi amene anailowetsa m'nyumba.

Mkati mwa mlungu Towela anabwerera ku desiki yake yakale. Pa nthawi yopuma anamukoka Judith pambali n'kumuuza zoona zake za chithunzi chija. Judith sanaseke, ndipo sanafunse zambiri. Anangomugawira chitumbuwa chake.

Loweruka lotsatira Towela sanapite kukaima pageti, ndipo sanafunse mayi ake ngati foni yaitana. Anali kuseri kwa nyumba akuchapa yunifomu pamene anamva galimoto ikuima, injini n'kuzima. Manja anaima m'madzi a sopo. Sanathamange. Anamaliza kutsukuluza siketi, anaifinya, n'kuiyanika bwinobwino pachingwe. Kenako anapukuta manja pa chitenje n'kupita kukatsegula geti.