Mbuzi ya Pamlatho

Makaniko anatseka galaja mochedwa usiku umenewo, lole ya munthu itamudyera tsiku lonse. Mvula inali itakokolola msewu wake wa masiku onse, ndiye panatsala njira imodzi yokha yopita kunyumba, ya pamlatho. Zaka zisanu ndi ziwiri anali asanadutseko. Ulendo womaliza anagundapo chinthu mumdima, osaima. Atafika kunyumba anauza mkazi wake kuti inali mbuzi, m'mawa n'kuwongola bampala yekha anzake a kugalaja asanabwere. Paja amati mlandu suwola, koma iye anainena nkhani ya mbuziyo kambirimbiri mpaka anatsala pang'ono kuikhulupirira.

Pa za injini munthuyu anali katakwe, koma za ukhondo musafunse. Galasi la kutsogolo likachita nthunzi mkati, ankangosolola kansanza m'thumba la ovololo, komwe kaja kopukutira oyilo, n'kupakapaka. Onjezanipo utsi wa fodya wa zaka zonsezi. Masana zinkabisala. Usiku nyali za galimoto ina zikawomba, galasi lonse linkangoti mbuu, ndipo usiku wa mbuzi uja zinali chimodzimodzi.

Atayandikira mlatho, nthunzi inagwira galasi. Anapukuta ndi kansanza. Zinaipiraipira. Anapukuta ndi chikhatho, n'kusiya mizere ya girisi. Mawaipa ankangovina kunja pachabe. Msewu unasowa. Mantha anamugwira, naponda mabuleki.

Go! Go! Go! Pazenera.

Panja panaima bambo wachikulire wovala jekete lonyowa, chidebe kumanja, nyuzipepala m'khwapa, ngati aja otsuka magalimoto m'mbali mwa msewu. Koma nthawi ino? Pamlatho?

"Mukulimbana ndi kunja, bwana," anatero mkuluyo. "Litsiro lili mkati."

Makaniko sanatsegule chitseko. Anangoona munthu wakhala kale pampando wa pambali pake, m'galimoto mwazizira ngati kumochale. Mkuluyo anathira viniga pang'ono m'madzi, nanyowetsa kansalu koyera, natsuka galasi mozungulirazungulira. Kenako anafwinya tsamba la nyuzipepala n'kuyamba kuumitsa, kuchokera pamwamba kutsika pansi, osadumpha ngodya ngakhale imodzi. Pepala linkalira. Tswii... tswii... Ankagwira ndi dzanja limodzi. Mkono winawo unkangolendewera, utapindika pamene mkono supindika.

Apa makaniko anaona chinthu chachilendo. Iye akapuma, galasi linkachita nthunzi patsogolo pake. Mkuluyo mphuno yake inali pafupifupi kukhudza galasi, koma mbali yakeyo... mbee!

Sankapuma!

"Muzitsitsa zenera pang'ono, mpweya wanu uzituluka," anatero mkuluyo mofatsa. "Kansanza ako katayeni. Kanakunamizani kale."

"Zi... zikomo, bambo. Ndikakusiyeni kuti?"

"Munandisiya pompano. Tsiku lija simunandione. Lero ndafuna mundione bwinobwino."

Pampando panalibenso munthu.

Makaniko anadzutsa maso. Galasi linali litayera ngati palibe galasi. Chilichonse chinkaoneka: zitsulo za mlatho, timadontho ta mvula, mzere woyera wa pamsewu. Ndipo pamzerepo, pakati penipeni pa kuwala kwa nyali, mkulu uja anali chiimire. Chidebe chinali chophwanyika. Jekete silinanyowe ndi mvula ayi. Mbali imodzi ya mutu...

Mkuluyo sanakuwe. Sanaloze chala. Anangomuyang'ana, nthawi yaitali, mpaka makaniko anaiona nkhopeyo yonse, khwinya lililonse.

Kenako zii.

Pamwendo pa makaniko panatsala pepala lofwinyika lija. Analitambasula. Linali lakale, lachikasu, lonunkha viniga. Pakona panali chithunzi chaching'ono, nkhope yomweyo, jekete lomwelo. Pansi pake panali mizere yochepa chabe. Wotsuka magalimoto wafa atagundidwa pamlatho. Woyendetsa sanaime. Wasiya mkazi ndi ana anayi. Achipatala ati anakhala moyo mpaka mbandakucha, ndipo akanapezeka womutola akanapulumuka.

Anayang'ana deti pamwamba pa tsambalo. Zaka zisanu ndi ziwiri zapitazo, mlungu womwe uja anawongola bampala.

Mpaka mbandakucha! Iye nthawi imeneyo anali m'bulangete, akuliza nkonono.

Mmene anayendetsera kukafika kunyumba sakudziwa. Msewu wonse ankauona bwino kwambiri, ndipo sanakondwere nazo. Mkazi wake anatsegula chitseko ndi maso atulo, namuona mwamuna wake watuwa, pepala lili m'manja.

"Inu abambo a ana, mwatani? Mwagundanso mbuzi?"

Makaniko anakhala pansi pakhomo pomwepo, nalira ngati mwana.

"Mayi, sinali mbuzi."