Matope pa Galimoto ya a Elliam

Sabata yonse ija, pa mjigo wa kwathu kwa Utale sipankakambidwa nkhani ina koma ya galimoto ya a Elliam. Ena ankati yalodzedwa. Ena ankati akampani akubwera kudzailanda. Mayi wina wogulitsa zitumbuwa pasukulu pathu analumbira kuti anaiona ndi maso ake ikufuka ngati uvuni wa njerwa, chonsecho tsikulo anali kumunda. Zoona zake ndi izi, ndipo ndinazimva kwa Nelia, mlongo wawo wa a Elliam, yemwe timakhala desiki imodzi.

A Elliam anakhala zaka zinayi ku Joni akutsuka mbale ndi kudulira maluwa a anthu. Atabwerako anagula kapikapu koyera, katsopano kenikeni, osati zija zoyendapo kale. Akampani ya ku Blantyre anawapatsa pepala la waranti. Pepalalo linkalonjeza kuti m'zaka zitatu, chikawonongeka chinthu chimene analakwitsa ndi opanga galimoto, adzakonza ulere. Amayi awo, a Maness, analipinda bwinobwino n'kuliika m'Baibulo.

Ntchito ya galimotoyo inali yotuta nsomba zouma ku Chiuta, matemba ndi makumba, kupita nazo kumsika wa Balaka. Banja lonse linkadya pamenepo. Vuto linali lakuti kumbuyo kunkangolowa madengu asanu ndi atatu, ndipo ulendo uliwonse amayi a geni ankatsala padoko, manja ali m'chiuno.

Ndiye panali a Latifu, mnzawo wa paubwana, wowotcherera zitsulo ku Balaka. Munthu wabwino, koma sakana ntchito, ngakhale mutamubweretsera ndege.

"Aise, galimoto iyi anaipangira anthu onyamula buledi," anatero a Latifu. "Ndipatse masiku awiri, inyamula madengu khumi ndi anayi."

Anawonjezera masipuling'i ochokera ku lole yakale, kenako anawotcherera zitsulo zazitali pa tchesisi, chitsulo chachikulu chapansi chija chomwe chimanyamula galimoto yonse. Kapikapu kanatuluka katatukuka kumbuyo ngati tambala. A Elliam sanafunse aliyense, ndipo pepala lija silinatuluke m'Baibulo.

Zinayenda miyezi isanu. Tsiku lina masana, atangodutsa pa Liwonde, injini inatentha, nthunzi n'kuyamba kutuluka kutsogolo. Galimoto inaima. Nsomba anazisamutsira m'galimoto ya munthu wina, ndipo yawo inafika kunyumba ikukokedwa ndi thirakitala, ana akuithamangira pambuyo.

Pamenepo aliyense anasanduka katswiri. Ngakhale anthu amene sadziwa kupalasa njinga ankati, "Waranti yafa imeneyo. Ukangosinthapo kanthu, ngakhale hutala, akampani sakuyang'ananso." A Elliam anasiya kudya. Popanda waranti, galimoto ikanangokhala pansi pa mtengo wa mango, nkhuku n'kumaikiramo mazira.

A Latifu anabwera ndi nzeru ina. Anamasula masipuling'i aja, n'kudula zitsulo zazitali zija. Koma pamene anawotcherera panatsala zipsera zooneka ngakhale uli patali.

"Tipakepo matope," anatero. "Galimoto ya ku Chiuta ikhala bwanji yopanda matope?"

Koma unali mwezi wa Okutobala, kunja kuli gwaa. Matope okhawo pakhomopo anali dothi lakuda lomwe a Maness anakatenga kudambo kuti azirire khonde. A Elliam analikanda m'beseni, n'kulowa pansi pa galimoto chagada. Nelia akuti achimwene akewo anagwira ntchitoyo mosamala kwambiri, mpaka kusalaza ndi chikhatho.

A Maness anawapeza miyendo yokha ili panja.

"Elliam, ndinakulera zaka zonsezi sunazirepo khonde langa ngakhale kamodzi. Lero ukuzira galimoto?"

"Amayi, zimenezi simungazimvetse."

"Iyayi, ndazimvetsa. Ukubisa. Pepala lako ndikupatsa, koma m'Baibulo langa usadzalibwezeremonso."

M'mawa mwake anakweza kapikapu pa lole yomwe inkapita ku Blantyre yopanda katundu. Nelia anapita nawo chifukwa sukulu inali itatsekera pakati pa teremu, komanso chifukwa iye nkhani sizimuphonya.

Ku galaja ya kampani anawalandira ndi makaniko wamkazi, a Jacqueline, wamfupi, atavala ovolosi ya buluu. Anapatsa a Elliam fomu ndi cholembera. Funso lachinayi linkati: kodi mwasinthapo kapena kuwonjezerapo chilichonse pa galimotoyi? Panali timabokosi tiwiri, ka inde ndi ka ayi. A Elliam anayankha mafunso ena onse, ili analidumpha.

Nthawi imeneyo a Jacqueline anali atagwada kumbuyo kwa galimoto. Anapititsa chala pa matope aja, n'kuchiyang'ana.

"Achimwene, kwanu mvula yagwa kale?"

"Iyayi, sinagwe."

"Ndimadabwa. Komanso matope a mumsewu sasalala chonchi. Amene anazira apa ali ndi dzanja labwino, ndikanakonda adzandizirire kwathu ku Ntcheu."

Nelia akuti anadziluma mlomo kuti asaseke. A Elliam anayang'ana fomu ija nthawi yaitali. Kenako anachonga pa inde.

"Ndinazira ndine, achemwali," anatero motsitsa mawu. Ndipo anafotokoza zonse, za masipuling'i, za zitsulo, za madengu khumi ndi anayi. Atamaliza anafunsa kuti, "Ndiye basi, ndibwerere nayo?"

"Mubwerere nayo chifukwa chiyani? Dikirani tione kaye chomwe chafa."

Anatsegula kutsogolo, n'kugwiragwira kwa kanthawi. Chomwe chinafa chinali pampu ya madzi oziziritsa injini. Inali ndi vuto lochokera kofakitale.

"Pampu iyi sigwirizana ndi masipuling'i anu," anatero a Jacqueline. "Iyi ndi yathu, tikonza ulere. Waranti siifa yonse chifukwa mwasinthapo chinthu. Imachoka pa chimene mwasinthacho, ndi pa chilichonse chimene chawonongeka chifukwa cha kusinthako. Kumbuyoku ndiye ndi kwanu tsopano, ife kulibe dzanja lathu. Mukanachonga pa ayi, ine n'kupeza zipserazi ndekha, bwenzi nkhani yanu ikupita kwa abwana, ndipo sindikudziwa kuti ikanatha bwanji."

A Elliam anapuma ngati munthu amene watula mtolo. Koma a Jacqueline anali asanamalize. Anatenga paipi ya madzi n'kutsuka dothi lonse la a Maness, kenako anawaitana.

"Gwadani apa. Mukuona chiyani?"

Pambali pa chipsera chimodzi panali mng'alu woonda ngati ulusi, utadutsa kupitirira theka la chitsulo. Pozira paja a Elliam anauphimba osauona n'komwe.

"Moto wowotcherera unafewetsa chitsulochi, katundu wolemera n'kumalizitsa. Maulendo awiri kapena atatu, chikanathyoka muli pa liwiro. Mumakhala nokha m'galimotomu?"

"Iyayi. Amayi a geni awiri amakhala nane kutsogolo. Loweruka amakhalanso uyu." Analoza Nelia, koma osamuyang'ana.

Anakhala pansi pa simenti pomwepo, pamadzi a matope aja, buluku lonse kunyowa. Nelia akuti chibadwire sanawaonepo achimwene ake chonchija. Ankangoti, "Zikomo achemwali, zikomo," mpaka a Jacqueline anachita manyazi n'kuwauza kuti adzuke, anthu angaganize kuti awamenya.

Pampu anaikonza tsiku lomwelo. Za tchesisi zinali zawo a Elliam, ndipo galimoto inakhala masabata asanu isakuyenda. Anali masabata owawa, ndiwo zinali masamba okhaokha. A Latifu atamva za mng'alu anagulitsa njinga yawo kuti athandize nawo kukonzetsa, ndipo masiku ano munthu akabwera ndi galimoto yatsopano kuti awotcherere, amamufunsa kaye ngati wafunsa akampani.

Kapikapu kanabwerera pamsewu ndi madengu ake asanu ndi atatu. Amayi otsala padoko amadandaulabe, ndipo a Elliam amangowauza kuti abweranso mawa. Ulendo woyamba anasankha makumba akuluakulu n'kukwera basi kupita nawo kwa a Jacqueline. Iwo anakana, akuti malamulo a ntchito salola, ndiye a Elliam anabwerera nawo, tinadya ndife.

Lamulungu lotsatira a Maness anaimirira m'tchalitchi kuthokoza Mulungu chifukwa pampu ya madzi inafa. Anthu akumbuyo anaseka, ankayesa kuti alakwitsa kulankhula. A Elliam sanaseke, anangogwira dzanja la Nelia.

Ine ndakhala ndikuganizira za timabokosi tiwiri tija. Mukanakhala inu, cholembera chili m'manja, banja lonse likudalira galimoto imeneyo, mukanachonga pati?